Funsani Tikuyankheni: Foni ndi Kompyuta Zikalandidwa Ngati Umboni, Papepala Palembedwe Chiyani?

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno achokera kwa anthu osadziwana, koma onse akukhudza nkhani imodzi, ya kalembera wa zipangizo zimene zatengedwa kuti zikakhale umboni pa mlandu. Tawafupikitsa makalatawa, ndipo mayina a eni ake tawabisa monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kujambula mapepala. Mwezi wathawu kunabwera ofufuza milandu ali ndi chikalata cha khoti, ndipo anatenga kompyuta ya pashopu, laputopu ya mwana wanga, mafoni awiri ndi mafulashi angapo, ponena kuti wina anasindikizira masatifiketi achinyengo pa makina anga. Pepala limene anandisiyira langolembedwa kuti “kompyuta 1, laputopu 1, mafoni 2, mafulashi”. Kodi pepala lotere ndi lokwanira? Nanga ndidzadziwa bwanji kuti sanaikemo zinthu zimene munalibe? Ndine mayi wa ku Limbe.

YANKHO: Mayi, pepala limene anakusiyiranilo ndi loperewera kwambiri, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza munthu aliyense kuti asachitidwe chipikisheni, asalandidwe katundu wake, ndiponso kuti mauthenga ake asalowereredwe mwachisawawa. Khoti likalola kuti katundu atengedwe chifukwa cha kafukufuku, udindo wa wotengayo umakula, chifukwa tsiku lina ayenera kudzasonyeza woweruza kuti chimene wabwera nacho ndi chomwe chija anachitenga m'shopu mwanu, komanso kuti chidakali monga mmene chinalili pa tsikulo. Mawu akuti “kompyuta 1” sangagwire ntchito imeneyo, pakuti makompyuta akuda a mtundu umodzimodzi ndi ambirimbiri mu Limbe momwemo.

Mlimi wa fodya amadziwa kuti belo lake silinyamuka lopanda tikiti yosonyeza nambala ya mlimi ndi kulemera kwake, chifukwa ku okushoni mabelo amafanana. Chipangizo cholandidwa chimafuna chisamaliro choposa pamenepo. Pa kompyuta iliyonse payenera kulembedwa kampani imene inaipanga, mtundu wake, ndi nambala ya siriyo imene imakhala pa kapepala komatidwa kumbuyo kapena kunsi kwake. Hadi disiki ya m'kati ilinso ndi nambala yakeyake ndi kukula kwake, ndipo izi zimalembedwa katswiri akatsegula bokosilo, popeza umboni weniweni uli m'disikimo, ndipo munthu wodziwa akhoza kusinthanitsa disiki m'mphindi zochepa kunja kwa kompyutayo kukuoneka chimodzimodzi. Foni imadziwika ndi IMEI, yomwe ili ndi manambala 15, ndipo foni yolowa masimukhadi awiri kawirikawiri imakhala ndi ma IMEI awiri. Simukhadi ili ndi nambala yake yaitali yodindidwa pa kakhadiko, yosiyana ndi imene timaimbirana, ndipo ngati mufonimo muli memori khadi, nayonso iyenera kutchulidwa payokha. Pambali pa manambalawa, wolemba amasonyezanso mmene chinthucho chinalili, kaya galasi linali long'aluka, kaya chinali choyaka kapena chozima, malo enieni amene chinapezeka, nthawi yake, ndi dzina la amene anachinyamula.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mawu akuti “mafulashi” opanda chiwerengero. M'shopu yosindikiza mapepala makasitomala amaiwala mafulashi awo tsiku ndi tsiku, choncho kudziwa kuti ndi fulashi iti imene inali m'chikwama chanu, ndi iti inali m'dirowa ya zoiwalika, ndipo ndi iti inali yolowetsedwa pa kompyuta, kukhoza kumangitsa kapena kumasula munthu. Ndiye chifukwa chake ofufuza osamala amayamba ajambula zithunzi za malo onse asanakhudze kanthu, kenako chinthu chilichonse amachiika m'thumba lakelake, kulimata ndi chomatira chimene sichitseguka osasiya chizindikiro, kulemba nambala pathumbapo, ndi kusayina pamodzi ndi mwini malo kapena mboni imene inalipo.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Katswiri wodziwa ntchito yake safufuzira pa disiki yeniyeniyo. Amailumikiza kudzera pa kachipangizo kotchedwa write blocker, kamene kamalola kuwerenga koma kamakana kuti palembedwe chilichonse, kenako amakopera disiki yonse, kuphatikizapo malo ooneka ngati opanda kanthu kumene kumatsalira mafayilo ofufutidwa. Pokopera, mapulogalamu monga FTK Imager kapena EnCase amawerengetsera nambala yotchedwa hash kuchokera ku zonse zimene zili pa disikiyo. Ngati wina atasintha ngakhale kadontho kamodzi m'kalata imodzi pakati pa mafayilo zikwizikwi, hash imatuluka yosiyaniratu. Hash ya disiki ikafanana ndi ya kope lake, ndipo ikalembedwa papepala ndi tsiku lake, katswiri wina aliyense, ngakhale wobwera ndi loya wanu, akhoza kudzaiwerengetseranso patapita zaka n'kuona ngati zinthu zasintha. Hash ya mtundu wa MD5 imakhala ndi zilembo ndi manambala 32, pamene ya SHA-256 imakhala ndi 64. Mu 2004 akatswiri a ku China anasonyeza kuti n'zotheka kupanga mafayilo awiri osiyana okhala ndi MD5 yofanana, ndipo mu 2017 ofufuza a Google ndi a CWI ku Amsterdam anachitanso zomwezo pa mtundu wina wa hash wotchedwa SHA-1, motero ndi bwino kuti SHA-256 ilembedwe nawo.

Komabe ndikuuzeni chinthu chimene ambiri sachiganizira. Hash imateteza umboni kuyambira pa nthawi imene yawerengetseredwa, osati m'mbuyo mwake. Ngati kompyuta yanu inatengedwa Lolemba koma inakoperedwa patatha milungu itatu, milungu itatu imeneyo ilibe mlonda wina kupatula thumba lomatidwa lija ndi pepala losonyeza amene anaisunga, kumene anaisunga, ndi amene anali ndi makiyi a chipindacho. Pepalalo likakhala ndi mpata, palibe pulogalamu imene ingautseke. Ku Turkey, pa mlandu wotchuka wa Balyoz, asilikali oposa 300 anapezeka olakwa mu 2012 pa mlandu wokonza zolanda boma, ndipo umboni waukulu unali pa ma CD amene ankanenedwa kuti ndi a mu 2003, koma anafika kwa ozenga milandu mu 2010 kudzera mwa mtolankhani amene anawalandira m'sutikesi. Akatswiri atawaunika anapeza zizindikiro za kalembedwe ka zilembo ka Calibri, kamene kanafala ndi Microsoft Office 2007, patapita zaka kuchokera mu 2003 muja. Khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula mu 2014 kuti ufulu wa anthuwo unaphwanyidwa, ndipo mu 2015 amene anazengedwanso mlanduwo anamasulidwa, ena atakhala kale zaka m'ndende.

Zimene mungachite tsopano ndi izi, mayi. Lero lomwe lembani nokha mndandanda wa zonse zimene zinatengedwa, mmene mukuzikumbukirira, ndipo ikanipo tsiku ndi siginecha. Fufuzani makatoni ndi malisiti a mafoniwo, chifukwa IMEI imadindidwa pa katoni. Kenako, kudzera mwa loya wanu kapena a Legal Aid Bureau ngati simungathe kulipira loya, lembani kalata yopempha mndandanda wathunthu wokhala ndi manambala a siriyo, tsiku limene zipangizozo zinakoperedwa, ndi hash ya chilichonse. Ngati anatenga katunduyo ndi apolisi ndipo mukuona kuti sizinayende mwa dongosolo, bungwe la Independent Complaints Commission linakhazikitsidwa kuti lizilandira madandaulo otero.

FUNSO: Ndangoyamba kumene ntchito yofufuza milandu ndipo posachedwapa ndidzayamba kupita nawo kukachita chipikisheni. Anzanga ena akuti ndikapeza kompyuta yoyaka ndizingozula chingwe cha magetsi, pamene ena akuti ndisaikhudze n'komwe. Zoona ndi ziti, ndipo m'buku langa ndizilembamo chiyani kuti loya wa woimbidwa mlandu asadzandisowetse chonena? Ndine mnyamata wa ku Zomba.

YANKHO: Achimwene, anzanu onsewo ali ndi mbali ya choonadi, ndipo n'chifukwa chake buku lanulo ndi lofunika kwambiri. Kale kuzula chingwe kunali langizo lofala, chifukwa kuzimitsa kompyuta mwa njira ya masiku onse kumasintha mafayilo ambiri. Masiku ano makompyuta ambiri ali ndi zotsekera monga BitLocker, ndipo mukazula chingwe, disiki imene inali yotseguka pamaso panu ikhoza kutsekeka osatsegukanso popanda kiyi wake. Zimene zili mu RAM, malo amene kompyuta imasungiramo zinthu kwa kanthawi ikamagwira ntchito, monga mapulogalamu amene akuyenda ndi mauthenga amene sanasungidwe, zimafufutika magetsi akangochoka. Choncho mukapeza kompyuta yoyaka, chotsani anthu pafupi nayo, jambulani chithunzi cha sikirini monga mmene ilili, ndipo itanani katswiri amene anaphunzira kukopera zinthu pa makina oyaka. Ngati mukuona ndi maso kuti makinawo akufufuta mafayilo pa nthawi yomweyo, kuzula chingwe kungakhale koyenera, koma mulembe chimene munaona, nthawi yake, ndi chifukwa chimene munasankhira kutero. Yozima isiyeni yozima, musaiyatse kuti mungoonako.

Mayiko ambiri amatsatira mfundo zinayi zimene zinalembedwa ndi bungwe lakale la akuluakulu a apolisi ku Britain, la ACPO. Yoyamba imati wofufuza asachite chilichonse chosintha zinthu zimene khoti lidzadalire. Yachiwiri imavomereza kuti nthawi zina kukhudza chipangizo chenichenicho sikungapeweke, koma wochitayo akhale wodziwa ntchito ndipo athe kufotokozera khoti chimene anachita ndi zotsatira zake. Yachitatu, imene ndi mtima wa funso lanu, imati zonse zochitidwa zilembedwe bwino lomwe kotero kuti munthu wina wapadera atatsatira njira yomweyo apeze zotsatira zomwezo. Yachinayi imaika udindo wonse pa mtsogoleri wa kafukufukuyo. Muyezo wa ISO/IEC 27037 wa mu 2012 umayendanso m'maganizo omwewa. Kuno kwathu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limalola mauthenga a pa makina kukhala umboni m'khoti, koma kulemera kwa umboniwo kumadalira kudalirika kwa njira imene unapangidwira ndi kusungidwira, ndipo njirayo woweruza adzaiona m'buku mwanu.

Lembani pa nthawi yomweyo, muli pamalopo, osati madzulo mutabwerera ku ofesi. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo ndi zoona kuti mukhoza kuitanidwa kukaikira umboni patapita zaka zinayi kapena zisanu, mutasamutsidwa kale kangapo ndipo mutachita zipikisheni zina zambiri zofanana. Pa tsikulo simudzakumbukira ngati laputopu inali patebulo kapena pabedi. Gwiritsani ntchito buku lokhala ndi masamba a manambala, lembani ndi bolopeni, ndipo mukalakwitsa dulani ndi mzere umodzi woti mawu oyambawo aziwerengekabe, n'kusayina pambali pake. Amalawi tonse tinaona pa chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chinathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu 2019, mmene tipeksi amachotsera chikhulupiriro pa pepala limene limayenera kudaliridwa.

Pali chinthu chimodzi chimene ofufuza atsopano amachiiwala kawirikawiri, ndicho wotchi. Lembani nthawi imene chipangizocho chikusonyeza, ndipo pambali pake lembani nthawi yeniyeni kuchokera ku wotchi yodalirika. Kompyuta yakale imene kabatire kake ka m'kati kanatha ikhoza kusonyeza chaka cholakwika, ndipo makina osunga zithunzi za makamera a chitetezo nthawi zambiri amataya nthawi chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi UTC, nthawi imene dziko lonse lapansi limayezera mawotchi, imenenso maseva ambiri (makompyuta aakulu osunga mauthenga) amagwiritsa ntchito. Kusiyana kwa maola awiri kukhoza kuchititsa kuti munthu amene anali ataweruka kale aoneke ngati anali pa desiki pamene ndalama zinkatumizidwa.

Foni ili ndi mavuto akeake. Ikakhala pa netiweki imapitiriza kulandira mauthenga, ndipo mwini wake kapena mnzake akhoza kuifufuta ali kutali. Imaikidwa m'thumba la Faraday limene limatchinga netiweki, kapena imachotsedwa pa netiweki ndi munthu wodziwa, amene alembe batani lililonse limene wadina. Musaimbe *#06# pa foni yolandidwa pofuna kuona IMEI, chifukwa kumeneko n'kuigwiritsa ntchito kale. Werengani nambalayo pa thupi la foni, pa kolowetsera simukhadi kapena pa katoni yake. Dziwani kuti m'thumba la Faraday batire limatha msanga popeza foni imalimbikira kufunafuna netiweki, ndipo foni ikazima imavuta kwambiri kuitsegula kusiyana ndi imene idakali yoyaka. Mafoni a iPhone, kuyambira pa iOS 18.1 ya mu 2024, amadzizimitsa n'kudziyatsanso okha akakhala masiku atatu osatsegulidwa, choncho nthawi imene foni yalandidwa ndi nthawi imene yafika kwa katswiri zonse zilembedwe mpaka pa mphindi.

Kuchokera pamenepo, chinthucho chikachoka m'manja mwa wina kupita kwa wina, pafomu palembedwe wopereka, wolandira, tsiku, nthawi, chifukwa chake, ndi mmene chomatira chinalili. Ngakhale bwana wanu atapempha kuti angoiona foniyo pang'ono, mupempheni mwaulemu kuti asayine. Ndikudziwa kuti izi ndi zovuta kwa wachinyamata pa ntchito, koma siginecha imeneyo idzateteza inu ndi bwanayo pamene loya adzafunse kuti thumbalo linatsegulidwa ndi ndani.

FUNSO: Ndine msungichuma wa kabungwe kosunga ndi kubwereketsa ndalama. Titazindikira kuti ndalama zikusowa, tinatenga laputopu ya kalaliki wathu, ndipo mnyamata amene amatikonzera makompyuta anaitsegula, anawerenga mafayilo, n'kukopera ena pa fulashi. Tilinso ndi zithunzi za mauthenga a WhatsApp zimene tinajambula pa foni ya ofesi. Wina watiuza kuti taononga umboni. Kodi ndi zoona? Ndine bambo wa ku Kasungu.

YANKHO: Bambo, mwaufooketsa umboniwo, koma sindinganene kuti mwauononga wonse. Kuyatsa laputopu kumasintha mafayilo ambiri a makinawo, kutsegula chikalata kukhoza kusintha nthawi zolembedwa pa icho, ndipo kulowetsa fulashi kumasiya chizindikiro chake mu Windows. Loya wa kalalikiyo adzanena kuti inu kapena mnyamatayo ndi amene munasintha manambala, ndipo ali ndi ufulu wonena zimenezo. Chimene chingakupulumutseni ndi kunena zoona zonse papepala mudakali kuzikumbukira. Lekani kuigwiritsa ntchito laputopuyo lero, ikani m'envulopu yaikulu kapena m'katoni, matani, sayinani pa chomatiracho anthu awiri a mu komiti, ndipo muitsekere malo amene makiyi ake ali ndi munthu mmodzi wodziwika. Fulashi ija muichite chimodzimodzi. Mnyamatayo alembe yekha tsiku ndi nthawi imene anayatsa makinawo, pasiwedi imene analowera ndi amene anamupatsa, mafayilo amene anatsegula ndi amene anakopera. Katswiri akadziwa zimene zinachitika akhoza kusiyanitsa mapazi a mnyamatayo ndi a kalalikiyo, koma mukabisa ndipo iye n'kudzazipeza yekha, khoti lidzakayikira zina zonse zimene munganene.

Musadalire laputopu yokhayo. Pa nkhani ya Cashgate, kampani ya Baker Tilly inapeza mu lipoti lake la mu 2014 kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa Epulo ndi Seputembala 2013, ndipo njira imodzi imene akubawo ankagwiritsa ntchito inali kulowetsa malipiro m'makina a boma a IFMIS kenako n'kuwafufuta. Ndalamazo zinadutsabe ku mabanki, kumene macheke anasiya mbiri imene wofufuta m'makina a boma sakanatha kuifikira. Kabungwe kanu nakonso kali ndi mboni zotere, monga masitetimenti a kubanki, mabuku a mamembala, malisiti a pamanja, ndi makope osungidwa a pulogalamu yanu yowerengetsera ndalama. Zisonkhanitseni ndipo chilichonse mulembe kumene chachokera, amene wachitenga ndi tsiku lake.

Zithunzi za mauthenga a WhatsApp ndi zothandiza poyambira, koma pazokha ndi zofooka, chifukwa dzina looneka pamwamba ndi limene mwini foni analisunga yekha, ndipo chithunzi ndi chosavuta kuchikonza. Sungani foni ya ofesiyo osafufutamo kanthu, onetsetsani kuti mauthenga odzifufuta okha sanatcheredwe pa macheza amenewo, ndipo lembani amene anajambula zithunzizo, tsiku lake, ndi nambala yeniyeni ya wotumiza. Ngati ndalama zina zinadutsa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mbiri yodalirika ili ku makampaniwo, ndipo ya nambala ya munthu wina imatuluka kudzera mwa apolisi ndi chilolezo cha khoti. Choncho kanenenitu nkhaniyi msanga, mutanyamula mndandanda wanu, ndipo popereka laputopu, fulashi ndi foniyo, wolandirayo asayine pa kope lanu limene likusonyeza manambala a siriyo, tsiku ndi nthawi.